Disiki ya Malemu a Latif

1

Akazi anzanga ena anayaluka chifukwa cha foni, ena chifukwa cha mwana wofanana ndi bambo wa nyumba yoyandikana nayo. Ine ndinayaluka chifukwa cha kabokosi kapulasitiki kamene ngakhale ogula zitsulo zakutha sakanakatola.

Dzina langa ndi Farida. Ndimagulitsa nsalu mumsika wa pa Mangochi boma, ndipo amene amandidziwa amati ndili ndi pakamwa. Sindikana. Amuna anga, a Latif, anali wojambula zithunzi. Anamwalira mwana wathu Rahma ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndamulera ndekha mpaka wapeza mwamuna. Mwamunayo ndi Sadik, wogulitsa mafoni, mnyamata woyenda monyang'wa ngati msewu anaulambula ndi iyeyo.

Kutatsala masabata awiri kuti nikaha, ukwati wathu wachisilamu, ichitike, Rahma ankasesa kachipinda kosungiramo katundu kuti abale ochokera ku Chowe adzapeze pogona. Ndinamva akundiitana.

"Amama, tabwerani mudzaone izi."

Anali atatsegula katoni imene ndinaikankhira pansi pa matumba kalekale. Munali kompyuta ya a Latif yachimimba ija, pulinta, mulu wa zingwe, ndi kabokosi kowerengera madisiki. Madisiki ake si ozungulira onyezimira aja ayi, koma a makona anayi, okhuthala, olowetsa ndi kutulutsa. Inatsala imodzi yokha, ndipo pamwamba pake panali zilembo zopendekeka za malemuwo: Banja, 2002.

"Ababa ali umu," anatero Rahma atayikumbatira pachifuwa. "Ndikufuna nkhope yawo, amama. Ndikwatiwe ndisakudziwa kuti mphuno iyi ndinatengera ndani?"

Wojambula sajambulidwa, paja iye amakhala kuseri kwa kamera. A Latif anajambulitsa chaka chimodzi chokha, pamene anagula kamera ya kompyuta kwa mzungu wina ku Chembe, n'kumaiyesa pa aliyense wopuma. Za maalubamu a chaka chimenecho ndinamuuza Rahma kalekale kuti anavumbwa n'kuola tikusamuka kuchoka ku Monkey Bay, iye ali khanda.

Ndinamwetulira mokakamiza. Ndinkadziwa amene anajambulidwa m'chaka chimenecho. Disikiyo ikanatseguka, ndikanataya mwana ameneyu ukwati usanachitike, ndipo ndilibe wina.

2

Sadik anabwera masana ake ndi laputopu komanso fungo la pafyumu lotha kugwetsa ntchentche. Anatembenuza kabokosi kaja uku ndi uku kufuna kabowo kolowetsapo chingwe cha foni. Atakasowa, ananyamula chingwe chimodzi cha mukatoni muja n'kuyang'ana mutu wake waukulu, wa timano tambiri.

"Amayi, ichi n'cha kompyuta kapena chomangira ng'ombe?"

"Iwe si katswiri? Funsa foni yako," ndinatero.

Anafunsadi foniyo kwa ola lathunthu, thukuta lili chuchuchu, kenako analengeza kuti zinthu zimenezi zinatha iye asanabadwe. Ndinamupatsa thobwa lozizira ndi mtima wonse. Sindinakondwerepo ndi umbuli wa munthu ngati tsiku limenelo.

Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Rahma anagadabuza kabokosi kaja n'kupeza kapepala komatidwa kunsi kwake, kotuwa ndi zaka.

"Palembedwa dzina la amene anakaika. Macloud Chikaonda, mphunzitsi."

"Ndimawadziwa," anatero Sadik. "Madala aja amakonza mawailesi pafupi ndi mlatho. Anapuma uphunzitsi."

Dzina limenelo ndinali ndisanalitchule kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ndinanyamula makapu n'kupita nawo kukhitchini.

3

A Macloud anafika Lachinayi m'mawa, atavala jekete pa dzuwa la Okutobala, magalasi omangidwa ndi ulusi, njinga yolira paliponse kupatula belu. Anthu a ku Ntcheu amakalamba mosachita manyazi. Atandiona anavula chipewa.

"Mayi Latif a ku Monkey Bay. Pepani, za maliro ndinamva mochedwa. Bambo aja anangosiya kundiitana, ngakhale moni pamsewu. Mpaka lero sindidziwa chimene ndinawalakwira."

"Anali otanganidwa," ndinatero. "Kompyuta ili uko."

Tsiku lonse anathera pa kompyutayo. Anaitsegula, natulutsamo chisa cha mavu, mazira a mphemvu ndi fumbi lokwana kudzala maungu. Anasintha kabatire kakang'ono kamkati. Ine ndinkapemphera kuti isayake. Inayaka, n'kulira kakuimba kake kamene ndinkakamva m'mawa uliwonse mu situdiyo.

"Ndiye tiike disiki?" anafunsa Rahma, akulephera kukhala pampando.

"Ayi, mwana wanga. Disiki yagona zaka makumi awiri, sitiidzutsa ndi phokoso. Ndiyambe ndapukuta m'kati mwa kabokosika, ndibwera mawa." Anatembenuza kompyuta n'kumuonetsa bowo lalitali la kumbuyo. "Kabokosi aka kamalowa apa. Khomo limeneli analipangira pulinta, osati disiki. Ndiye zithunzi zimadutsapo, koma monyinyirika."

Potuluka anaima pakhonde n'kutsitsa mawu. "Nanga mayi aang'ono aja ankakhala pa kauntala, ali bwanji?"

"Anapita kwawo. Njinga yanu ili padzuwa, matayala aphulika."

4

Anthu amaona mayi wogulitsa nsalu n'kumaganiza kuti zimene amadziwa ndi mamita basi. Ine ndinagwira ntchito mu situdiyo ya a Latif zaka zisanu ndi zitatu. Ndinkadziwa kuti kabokosi kaja kali ndi chingwe chake, chachifupi, chonenepa. Mukatoni munalinso china chachitali, chopyapyala, chimene tinkatalikitsira pulinta. Mitu yake n'chimodzimodzi, koma a Latif ankandikalipira ndikazisokoneza, amvekere chachitalicho chimataya mawu panjira.

Lachisanu m'mawa, Rahma atapita kwa telala, ndinatenga chachifupicho n'kuchikwirira m'thumba la mpunga.

A Macloud anavundukula katoni yonse. "Panali chingwe chachifupi apa. Ndinachibweretsa ndekha kuchokera ku Blantyre."

"Zaka zonsezi, aphunzitsi? Makoswe nawonso amadya."

Analumikiza chachitalicho. Kagetsi kobiriwira kanayaka, disiki inalowa, kabokosi kanalira ngati kakutsokomola. Tinadikira. Kagetsi kanaphethira, kanaphethiranso, kenako kompyuta inatulutsa uthenga wa Chingerezi.

"Yati chiyani?" anafunsa Rahma, ngakhale kuti anali atawerenga yekha.

"Yati yaitana, yadikira, nthawi yatha, kabokosi sikakuyankha."

Anayesanso. Ulendo uno panaoneka mndandanda wa zithunzi, manambala okhaokha opanda mayina. Atadina choyamba, kabokosi kanagogoda kawiri, uthenga wina n'kubwera: yalephera kuwerenga.

Ndiye panayamba sewero. Anapeza kuti Sadik, pofuna kuoneka wothandiza, anali atalumikiza pulinta kumbuyo kwa kabokosi. A Macloud anaizula. "Awiri sangalankhulire pakhomo limodzi nthawi imodzi," anatero. Analimbitsa timabawuti ta chingwe. Anayeza magetsi a kabokosi ndi kamita kawo, n'kutilamula kuti tizimitse fani ndi firiji. Tinakhala m'chithukuta ngati tili pamlandu, nyama ya ukwati ikusungunuka. Anazimitsa zonse n'kuyatsa kabokosi koyamba, kompyuta pambuyo. Uthenga unali womwewo: yadikira, nthawi yatha.

"Ndiye uphunzitsi wake unali womwewu?" ndinafunsa ndikuwaikira tiyi. "Ana aja anakhozadi mayeso?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi."

"Nkhono ilibe nikaha Loweruka la sabata la mawa."

Sadik anaseka, Rahma sanaseke. A Macloud atapita ndinamupeza atakhala pansi pafupi ndi kompyuta, akupukuta misozi ndi nsonga ya mpango.

"Za akufa zisiye, mwanawe," ndinatero. "Uli ndi ine."

"Ndikudziwa, amama. Koma inu nkhope yanu ndili nayo."

Ndinamva chisoni, sindinama. Koma chisonicho sichinandifikitse ku thumba la mpunga.

5

A Macloud anafunafuna chingwe china m'Mangochi monse. Anaimbira anzawo a ku Zomba, nkhalamba zinzawo zosunga zinyalala, koma palibe amene anali nacho. Ananena kuti abweranso Lolemba kudzayesa ndi chomwecho. Munthu wosamva kutopa amatopetsa anzake.

Ndinaopa kuti chingwe chachitalicho chingachite mwayi tsiku lina. Lamulungu masana, m'nyumba muli zii, ndinachizula, n'kupinda kadzino kamodzi ka kumutu kwake ndi pini ya mpango, kenako ndinachibwezeretsa.

Lolemba kompyuta inakana n'kuvomera komwe kuti kuli kabokosi. A Macloud anazula chingwe, natsitsa magalasi pamphuno, n'kuyamba kuwerenga timano ndi nsonga ya cholembera. Anaima pakati. Sananene kanthu pamaso pa ana. Anawongola kadzinoko mofatsa, kenako anapempha madzi akumwa n'kunditsatira kukhitchini.

"Mayi, mano a chingwe sapindika okha. Lachisanu ndinawawerenga onse makumi awiri ndi asanu, ali chilili."

"Mukunena ine?"

"Sindikunena munthu. Ndikunena disiki. Nthawi iliyonse ikalephera kuwerenga, mutu wa makina umabwerera kukakanda malo omwewo. Yakalamba ija. Izi zikapitirira, mwanayu sadzawaona bambo ake."

"Inu ntchito yanu ndi mawaya, aphunzitsi. Za m'nyumba mwanga zisiyeni."

Anamwa madziwo mpaka kutha, n'kutsuka kapu okha, chinthu chimene chinandikwiyitsa koposa mawu awo.

Pabalaza anauza Rahma kuti yatsala njira imodzi. "Chingwechi chikutaya mawu chifukwa kompyuta ikulankhula mothamanga. Ndikhoza kuiuza kuti khomo la pulinta liziyenda mwakale, pang'onopang'ono, mmene timalankhulira ndi agogo ogontha. Chithunzi chimodzi chidzatenga nthawi yophikira nyemba, koma mwina chidzafika. Lero disiki ipume. Lachitatu."

Chingwe anachikulunga n'kuchiika m'thumba la jekete. Disiki anapatsa Rahma, n'kumuuza kuti aisunge yekha. Sanandiyang'ane.

6

Lachitatu nyumba inadzaza. Kunabwera amake a Sadik ndi achemwali awo kudzaona zokonzekera, atavala zibangili mpaka m'zigongono. Kunali achimwene anga a Dinala, amene anachokera ku Chowe kudzaima ngati nkhoswe ya Rahma, poti kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, ndipo pa ukwati amamuimira ndi amalume ake. Rahma anawaitana onse pabalaza kuti adzaone bambo ake. Mwana wopanda chinsinsi ndi woopsa kuposa mdani.

A Macloud anayatsa kompyuta, nadina batani lina msangamsanga, sikirini n'kusanduka yabuluu. Anasintha mawu amodzi okha. Masiku onse aja, thukuta lonse lija, mankhwala ake anali mawu amodzi.

Disiki inalowa. Mndandanda unabwera. Anasankha chithunzi choyamba kuti achikokere mu kompyuta, ndipo kamzere kanayamba kukwawa. Kabokosi kanagogoda kamodzi, ine n'kupuma. Kamzere kanaima, kenako kanapitirira. Amake a Sadik anayamba nkhani ya mitengo ya anyezi, anaimaliza, anayamba ya mpongozi wa mnzawo, anaimalizanso. Kamzere kanafika kumapeto.

"Chafika," anatero a Macloud. "Kompyutayi ndi yofooka, ichijambula kuyambira kumwamba. Dekhani."

Panayamba kuoneka katani ya mu situdiyo yathu, ya maluwa ofiira. Mzere ndi mzere chithunzi chinkatsika. Kenako pakati panatulukira nsonga ya mpango wobiriwira, wa mkombero wagolide.

Mpango umenewo ndinkaudziwa. Ndinali pomwepo a Latif akuugula, ndipo sankagulira ine.

Sindikumbukira kunyamuka. Ndinangopezeka ndili pakhoma, dzanja lili pa pulagi. Rahma anandigwira pamkono.

"Amama, mukutani?"

"Magetsi akununkha. Chipsa ichi."

"Palibe chikununkha." Anandiyang'ana, kenako anayang'ana a Macloud, amene anaweramitsa mutu. Ndinaona zinthu zikulumikizana m'maso mwake, chingwe chosowa chija, dzino lopindika lija. "Mukubisa chiyani?"

Kumbuyo kwanga chithunzi chinali chikutsikabe. Ndinaganiza kuti bola amve kwa ine, ndi mawu anga, ndikometseko, kusiyana n'kuti aone nkhope yofanana ndi yake pamaso pa apongozi. Koma pakamwa pamene panazolowera kunyoza sipadziwa kukometsa.

"Amene akubwera apoyo si ine," ndinatero. "Ndi amako."

7

Zimene ndinanena nditaima pakhomapo ndi izi, ndipo ndikuzilemba mmene zinalili.

Ndinakhala ndi a Latif zaka zisanu ndi chimodzi wopanda mwana. Abale awo anatopa kundiyang'ana pamimba, ndipo anawapezera mkazi wachiwiri, Hidaya, mtsikana wamasiye wa ku Malindi. Analowa m'nyumba mwanga ndi kachikwama kamodzi. Chaka chisanathe anali ndi pakati, ndipo mu Febuluwale 2002 anabereka Rahma. A Latif anapenga naye. Ankamujambula akuyamwitsa, akusesa, akuyasamula. Ine ndinkasindikiza zithunzizo ndi manja anga.

Mwana ali ndi miyezi isanu ndi umodzi, a Latif anamupatsa Hidaya talaka, kumusudzula. Hidaya anali akudwaladwala pachifuwa, ndiye tinati mwana atsale mpaka achire. Mlongo wake yekhayo anali ku Joni. Hidaya anamwalira ku Malindi chaka chisanathe, ife n'kusamukira kuno, kumene palibe amene ankadziwa kuti m'nyumba mwathu munali akazi awiri. Maalubamu sanavumbwe. Ndinawaotcha. A Latif ndinawalumbiritsa kuti afufute nkhope yake paliponse, ndipo analumbira, koma sindinawakhulupirire. Munthu wosunga mabatire akutha angataye nkhope ya mkazi amene ankamukonda?

Zibangili za amake a Sadik zinasiya kulira.

"A mjomba, n'zoona?" Rahma anafunsa a Dinala.

A Dinala anayang'ana zala za kumapazi kwawo. Mwamuna wamkulu, wandevu zoyera, kulephera kunena inde.

"Anawasiyiranji?" Rahma anatembenukira kwa ine. Mawu ake anali ozizira. "Ababa ankawakonda, mwanena nokha. Anawasiyiranji?"

Amene analankhula ndi a Macloud, pang'onopang'ono, ngati akuwerengera m'mutu. "Mwana wa Febuluwale, miyezi isanu ndi umodzi. Ogasiti. Ndi mwezi umene bambo aja anasiya kundiyankha moni."

"Inde, ndinu," ndinatero, poti munthu akagwa m'matope samasamalanso za chitenje. "Ndinawauza a Latif kuti ndinakupezani ndi Hidaya kuseri kwa katani. Ndikanatchula ndani? Mwamuna amene ankalowa mu situdiyo a Latif kulibe munali inu nokha. Mwana sanamukayikire, poti makina anu anabwera mimba ili kale."

A Macloud anavula magalasi awo n'kuwagwira m'manja. Sanandinyoze. Ndikanakonda akanandinyoza.

Apo ndi pamene Sadik analankhula, ndi mawu aang'ono amene sindinawamvepo kwa iye. "Chithunzi chatha."

Tonse tinatembenuka.

Kumanzere kunali a Latif, atavala kanzu yoyera, akumwetulira mwamanyazi. Pakati panali mkazi wa mpango wobiriwira, atanyamula khanda lonenepa. Mkaziyo ndinali ine. Ndinali nditaiwala kuti Hidaya akuchoka, mpangowo ndinautenga m'chikwama chake n'kuuvala miyezi ingapo, kuti a Latif aziona amene wapambana.

8

A Macloud anamaliza ntchito yawo, chifukwa ndi mtundu wa anthu omaliza ntchito. Rahma anandifunsa kumene kunali chingwe chenicheni, ndipo ndinakachivuula mumpunga pamaso pa apongozi. Ndi chimenecho zithunzi zinayenda bwino. Zinali makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu. Zinayi zinakana kuwerengeka, malo ake atakandika. Zina zonse zinatuluka: a Latif, ine, khanda, mbuzi ya hakika imene tinaphera khandalo, ngakhale galu wa anthu oyandikana nawo. Hidaya munalibe. Malemu aja anasunga lumbiro lawo, ine n'kukhala zaka makumi awiri ndi ziwiri ndikuwatcha abodza mumtima.

"Ndiye nkhope ya amayi anga ili kuti?" anafunsa Rahma.

"Zimene anafufuta analembapo zina pamwamba, mwana wanga," anatero a Macloud. "Palibe chingwe chimene chingazibweze. Zinayi zokandikazo sindingadziwe kuti munali ndani."

Sananene kuti zinakandika chifukwa cha ndani. Panalibe wofunika kuuzidwa.

Nikaha inaimitsidwa mwezi wathunthu. Rahma ndi Sadik anapita ku Malindi, anafunsa nyumba ndi nyumba, mpaka anapeza a Swadick, mlongo wake wa Hidaya, amene anabwerako ku Joni kalekale. Anali atauzidwa kuti mwana anapita ndi bambo ake kosadziwika. Iwo ndi amene anaima ngati nkhoswe. A Dinala anabwerera ku Chowe ndi kanzu yawo yatsopano ili m'pepala. Mnyamata amene ndinkamuseka uja sanamusiye mkazi wake ngakhale tsiku limodzi, ndipo zimenezo ndimupatse ulemu wake.

Ku ukwati anandiitana. Ndinakhala mzere wachinayi, pakati pa amayi ogulitsa nawo nsalu, ndikuonerera anthu a ku Malindi amene sanamusinthepo Rahma thewera akuvina kutsogolo.

Ndinapitanso kwa a Macloud kumlatho kuja kukapepesa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, wailesi ya munthu ili chotsegula pamiyendo pawo.

"Ine ndinangotaya kasitomala, mayi," anatero. "Kapepeseni kumanda."

9

Inu amene mukuwerenga, ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kugwedeza mitu. Gwedezani, ine ndinagwedezerapo anthu ambiri. Koma musadzinamize kuti mwamva nkhani ya mfiti. Ndinamulera mwana uja bwino. Malungo ake onse ndinagona nawo ine, sukulu anamaliza, ndipo ndinkamukonda, ndimamukondabe. Ndinkaganiza kuti zimenezo zinafafaniza zinazo. Mlandu suola.

Ndipo musaganize kuti anandigwira ndi makina, kapena nkhalamba ya jekete ija. Ndikanakhala pampando wanga mphindi ziwiri zokha, ndikanaona nkhope yanga pa sikirini, anthu akanaombera m'manja, ndipo lero ndikanakhala agogo olemekezeka. Munthu wobisa kanthu amaona mlandu wake ngakhale pamene palibe. Ngati muli nacho chanu chimene munakankhira pansi pa matumba, chitulutseni nokha, mutakhala pansi ndi mwini wake, pasanabwere alendo. Sindikulonjeza kuti adzakukhululukirani. Ine sindinayese njira imeneyo, ndiye sindikudziwa.

Rahma tsopano amanditcha a Farida. Ali ndi pakati, ndinamva kwa anthu. Sabata yatha anandiimbira foni koyamba chichitikireni ukwati, ndipo ndinaiyankha.

"A Farida, a mjomba a Swadick anapita ku Joni amayi ali kamtsikana, sakukumbuka zambiri. Amene munakhala nawo tsiku ndi tsiku ndinu. Ndikufuna chinthu chimodzi chokha choti ndidzamuuze mwana wanga. Ankaseka bwanji?"

Ndinafufuza m'mutu monse. Ndinapezamo mayendedwe ake amene ndinkawanyoza, Chichewa chake chokhota chimene ndinkachiyeserera, ndiwo zake zopanda mchere. Ndikanatha kupeka, paja luso ndili nalo. Koma ndinamuuza zoona.

"Sindikudziwa, Rahma. M'nyumba mwanga sanasekepo."